Tsiku lomwe ndinataya kambale ka agogo mu bini

Mwezi watha mtsikana wina wa kwathu wangofika kumene kuno ku Minnesota anandiimbira kuti wapeza ntchito yosamalira okalamba chakumpoto kuno, nde amafunsa za majekete ndi nsapato zoyendera mu sinowo. Za majekete ndinamuuza, koma titadula foni ndinaona kuti ndamubisira chachikulu, chifukwa ine chaka choyamba chomwe chinandisautsa si kuzizira ayi, kuzizira umangovala basi. Chinandisautsa nchoti ndinafika pamudzi pa eni osadziwa kuti eni akewo ndi ndani. Nde ndati ndilembe, mwina wina asachite manyazi omwe ndinachita ine.

Pobwera kuno mmutu mwanga Amereka inali azungu ndi anthu akuda, kwatha. Enawa, eni nthaka omwe azungu anawapeza kuno, ndinkangowadziwira mmafilimu aja tinkaonera mu vidiyo sho pa Mponela, ovala nthenga okwera mahatchi, ndipo ndinkaona ngati anatha kalekale. Kufika ku Bemidji nkupeza kuti tawuniyi ili pakati pa madera atatu a anthu amenewa, Red Lake, Leech Lake ndi White Earth, ndipo mu Minnesota monse madera awo alipo 7, kuonjezapo Mille Lacs, Fond du Lac, Bois Forte ndi Grand Portage. Ena ali ku Wisconsin, Michigan, North Dakota, ndipo ambiri ali kutsidya ku Canada. Mmapepala a boma mumaona kuti Chippewa, anthu amati Ojibwe, koma eni ake akamadzitchula amati Anishinaabe, akachuluka Anishinaabeg. Olo dzina la Bemidji ndi la chiyankhulo chawo, Mississippi nayenso, misi-ziibi, mtsinje waukulu. Mmashopu ambiri mtawuni muno pazitseko amalemba chizungu ndi chi Ojibwe pamodzi. Sungani izi: Ikwewag ndi amayi, Ininiwag ndi abambo. Ine maso anatengeka ndi mawu achilendowo osawerenga chizungucho, ndinangokankha chitseko nkupeza bambo wina akusamba mmanja kkkk.

Ndinkagwira shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Mchipinda china chakumapeto munali agogo ena aakazi a zaka za mma 80, dzina sinditchula, malamulo a ntchito salola komanso mukamafika kumapeto muona kuti dzina kwa iwo si chinthu chongoponya paliponse. Masana ankayankhula chizungu bwinobwino koma ikakwana cha mma 2 koloko usiku mutu umabwerera ku ubwana, chizungu chonse balala, nkuyamba chiyankhulo chawo. Usiku wina anangoti "nibi, nibi", ine kuwakonzera pilo, "nibi", kuwafunditsa bulangete, "nibi", mpaka ndinalemba mu lipoti kuti agogo asokonezeka akuitana munthu. Mmawa mnzanga wina wa ku Leech Lake yemwe timagwira naye atawerenga anangondiyang'ana nkuti, amafuna madzi. Munthu usiku onse ali ndi ludzu, jagi ya madzi ili pompo patebulo, ine ndikuwasisita phewa.

Koma chachikulu chinachitika Lamulungu lina. Ana awo anabwera masana ndi chakudya cha kwawo, mpunga wawo wa mnyanja uja, nsomba, ndi tizipatso ta blueberry. Ine polowa madzulo ndinapeza pawindo pali kambale kapepala, mkati timbewu tingapo ta mpunga, kachidutswa ka nsomba ngati chikhadabo, kachipatso kamodzi, ndi tinyenyeswa ta bulauni pamwamba. Pambali pake kansalu kofiira komanga ngati kachithumwa. Ine ndi ukhondo wanga wa mayi wa Chigwirizano ndinati ana awa ndi osalongosoka, kusiya nyansi pawindo, nde ndinangokokolola zonse. Agogo ali pabedi anakuwa "Gego!" ndi mawu omwe sindinkadziwa kuti ali nawo, koma zinali zitalowa kale mu bini, pamwamba pa magolovesi akuda. Gego ndiye kuti usatero.

Masiku anayi osandiyankhula. Ndikalowa amatembenukira kukhoma, mankhwala amalandira kwa wina. Mnzanga uja ndi amene anandikhazika pansi pa buleki nkundiuza kuti kambale kaja ndi ka mizimu, pakakhala chakudya chapadera amatapako pang'onopang'ono chilichonse asanadye wina aliyense, nkuthirapo fodya, kenako wina amakasiya panja patsinde pa mtengo. Mwana wawo wamwamuna anaiwala kutuluka nako, amati adzatenga mmawa. Tinyenyeswa tija ndi fodya, asemaa, ndipo mkansalu kofiira muja munalinso fodya wa pemphero lawo.

Abale, manyazi omwe ndinamva si a kuntchito ayi. Ndinakumbukira agogo anga ondiberekera mayi akuthira ufa patsinde pa mtengo kuseri kwa nkhokwe, akutchula maina a anthu omwe ine sindinawaonepo. Mlendo akanabwera ndi tsache nkusesapo bwenzi mudzi onse ukumunena mpaka lero. Ine mwana wa pamudzi weniweni, zinthu zoti ndikuzidziwa, kungoti zinali mkambale kapepala ku Amereka nde maso anachita khungu.

Ndinafunsa mnzanga uja kuti ndipepese bwanji. Anati pepani wapakamwa ngwabwino koma ngati ukufuna akumve, pita ukagule kapaketi ka fodya wa mkaliwo pa filing'i siteshoni, utapeko pang'ono umange mkansalu, ukawapatse ndi dzanja lamanzere poti ndi lomwe lili kufupi ndi mtima, unene chomwe wabwerera, nde udikire. Akalandira ndiye kuti avomera. Akapanda kulandira usakakamize.

Apa ndinaseka ndekha, fodya? Ine ndakulira mu fodya. Bambo anga ankalima bale ku Dowa, ndasoka fodya mchigafa mpaka zala kuda bii, ndadikirira mabelo kuti apite ku okushoni ku Kanengo kuti fizi ipezeke. Kwa ife fodya ndi ndalama ndi ngongole ya feteleza basi. Kwa iwo fodya ndi chomwe umayamba nacho chilichonse, ukafuna kufunsa wamkulu nzeru, ukafuna kuthyola mankhwala mtchire, ukamalowa panyanja, umayamba wapereka asemaa. Kale ambiri ankachita kupala khungwa la mkati la kamtengo kena kofiira ka mmadambo, ena mpaka pano amakonda ameneyo kuposa wogula. Komanso sindibisa, mtima unandigunda kuti kodi mkhristu ine sindikulowa za mizimu apa? Ndinaganiza usiku onse nkuona kuti palibe chomwe akundiuza kuti ndipembedze. Zili ngati kupita kwa amfumu ndi nkhuku mmanja usanayambe kufotokoza mlandu. Agogowonso pakhoma pawo panali korona, ambiri mwa iwo ndi akatolika kapena a Episcopal (Anglican ya kuno) ndipo zonsezi amayenda nazo limodzi. Wina aona mwa iye yekha, ine ndinapereka.

Ndinagwada pambali pa bedi ngati kwathu, zomwe azungu akuntchito amadabwa nazo mpaka pano. Anayang'ana kansaluko nthawi yaitali, ine dzanja lili mmwamba mpaka kuyamba kunjenjemera, kenako anatenga nkuika pansi pa pilo. Anati, "Wakuphunzitsa ndani?" Ndinawauza. Anati "Eya'." Ine kudzidzimuka, ndimvekere agogo mwati chani? Eya' mchi Ojibwe ndi eya wathu yemweyu, kuvomera. Nditawauza kuti kwathunso timatero anaseka mpaka kutsokomola, ubwenzi unayambira pamenepo.

Kuyambira apo usiku uliwonse amandipatsa liwu limodzi kapena awiri. Amene mukugwira ntchito ngati yangayi, awa okha akuthandizani: boozhoo kapena aaniin ndi moni, miigwech ndi zikomo, nibi madzi, aniibiish tiyi, gaawiin ayi, bekaa dikira, namadabin khala pansi, wiisinin idya, nimbakade ndili ndi njala, gisinaa kukuzizira. Khofi amati makade-mashkikiwaaboo, madzi a mankhwala akuda, ndipo ine ndikugwirizana nazo. Mukaona zilembo ziwiri aa, ii, oo mumangokoka mawu. Pa intaneti pali Ojibwe People's Dictionary ya University of Minnesota, yaulere, umadina liwu nkumva wamkulu weniweni akulitchula, ine ndinkamvetsera mgalimoto podikira kuti injini itenthe.

Ndipo ife a Chichewa chiyankhulochi chimatikomera kuposa azungu. Iwo amadandaula kuti mawu ndi ataliatali, koma ife si timanena "sindidzakuonaninso" liwu limodzi muli munthu, nthawi, kukana, zonse? Nawonso choncho, giga-waabamin ndiye kuti ndidzakuona, ndipo ndi mmene amatsanzikirana. Chomwe chinandizunguza mutu nchoti maina a zinthu amawagawa pawiri, zamoyo ndi zopanda moyo, koma mzere wake sudutsa pomwe ungaganize. Mwala, asin, uli mgulu la zamoyo. Ng'oma nayonso. Mitig ukakhala mtengo uli chiimire ambiri ndi mitigoog, ukakhala ndodo yodula ambiri ndi mitigoon. Ndiye ali ndi "ife" awiri, niinawind ife popanda iwe, giinawind ife ndi iwe yemwe. Kwathu munthu akati "tidya nyama lero" sudziwa ngati uli mgulu mpaka mbale zitabwera kkkk.

Zina ndi zofanana mpaka kuchititsa mantha. Saloza munthu ndi chala, amaloza ndi milomo. Kuimba likhweru usiku nkoletsedwa. Kudumpha munthu kapena katundu wake ayi. Nthano zawo zopatulika, za Wenabozho ndi ena, sanena nthawi ina iliyonse koma sinowo akagwa pansi, ngati mmene agogo anga ankatikanizira nthano masana. Agogo a kuntchito aja ndinawapempha nthano mu Julaye anangoti bekaa, ndinadikira mpaka Disembala.

Kumapeto kwa Ogasiti, mwezi womwe amautcha Manoominike-giizis, mwezi wokolola mpunga, mnzanga uja ananditengera kwawo kukaona. Manoomin, mpunga wawowo, si mpunga ngati Kilombero wa ku Karonga, ndi udzu wina wautali womera okha mmadzi osaya, njere zake zazitali zoderako. Mbiri yawo imati makolo awo anachokera kummawa kunyanja yamchere atauzidwa kuti ayende mpaka akapeze malo omwe chakudya chimamera pamadzi, nde ndi chimenechi. Mbwato mumakwera awiri, wina amaima kumbuyo kukankha ndi mtengo wautali wa mphanda, wina amakhala pansi ndi timitengo tiwiri topepuka, kamodzi kukokera udzu mbwato kenako kugogoda pang'ono kuti zakupsa zokha zigwe. Zogwera mmadzi sadandaula nazo, ndi mbewu ya chaka chamawa. Malamulo a boma la Minnesota amati bwato lisapitirire mafiti 18, timitengo tisapitirire mainchesi 30, ndipo kukolola ndi kuyambira 9 koloko mmawa mpaka 3 koloko masana, injini ayi. Mmadera awo amalamula ndi eni ake, tsiku lotsegula nyanja amanena ndi iwo, mlendo usangotengeka nkulowa. Ufulu wokolola, kusodza ndi kusaka kunja kwa madera awo anausunga mmapangano omwe anasainirana ndi boma la Amereka mu 1837 ndi 1854 popereka malo, ndipo anthu a ku Mille Lacs anachita kukafika ku khothi lalikulu la dziko lonse nkupambana mu 1999. Nde mukamva mzungu wina kuntchito akung'ung'udza kuti amenewa boma limawakondera pa nsomba, musavomere nawo msanga, anapereka dziko.

Ine ndinatsala kumtunda, mbwato sindinalowe, komanso mpungawo ukamatsika umakhala ndi timphutsi ndi akangaude osati masewera. Amauyanika, kenako kukazinga mchimphika chachitsulo chopendeketsa pamoto akuvundula ndi nkhafi, fungo lake ngati chimanga chokazinga chosakaniza ndi utsi. Ukatero amathira mkadzenje koyala bwino, mnyamata nkuvala nsapato zachikopa zoyera zosapondapo pansi, atagwira mitengo iwiri, nkumapondaponda ngati akuvina kuti mankhusu achoke. Pomaliza kupeta, ndi chotengera cha khungwa la mtengo wa birch. Apa nde ndinati tabweretsani kuno. Dzanja la lichero siliiwala abale, nditangoponya kawiri katatu amayi onse anasiya zomwe amachita, wina amvekere howa, mawu awo oyamikira! Tsiku limenelo ndinabwerako ndi kathumba ka manoomin. Mukafuna kugula, wakuda bii wonyezimira wa mmashopu akuluakulu uja ndi wolima mminda, umatenga pafupifupi ola kuti upse. Weniweni wa mnyanja ndi wotuwirako, mphindi 20 wapsa, gulani kwa eni ake olo ndi wodula.

Ku powwow, chikondwerero chawo cha magule ndi ng'oma, ndinapitanso, kumeneko aliyense amaloledwa. Zovala za ovina musazitche kositiyumu ndipo musazigwire, chithunzi yambani mwapempha, anthu akaimirira imirirani, nthenga ya chiwombankhanga ikagwa pansi musatole, pali anthu ake. Amene munakulira kufupi ndi dambwe simufunika kuuzidwa kawiri.

Tsopano kulakwa kwanga kwachiwiri, komwe ndi chifukwa chenicheni ndalembera zonsezi. Titazolowerana ndi agogo aja ndinayamba kuwaitana Nookomis, agogo anga. Usiku wina ndikuwapesa tsitsi ndinangoti, "Nookomis, tandipatseniko dzina la chi Ojibwe." Ndinene zoona, ndinkafuna loika pa Facebook, kenakake kokoma ngati nyenyezi yakuti kapena mbalame yakuti. Anakhala chete, kenako anafunsa, "Lako linatani?"

Ndinasowa poyambira. Anandifotokozera pang'onopang'ono, usiku umenewo ndi wotsatira. Dzina kwa iwo sumasankha ndipo sapereka aliyense. Makolo amatenga asemaa kupita kwa wamkulu yemwe ali ndi mphatso yotcha maina, iye akalandira amapita kukapempherera, pena kusala kudya, ndipo dzinalo limabwera mmaloto, litha kutenga masiku, litha kutenga chaka. Likabwera pamakhala phwando, chakudya, fodya, wamkuluyo amanyamula mwana nkulitchula dzinalo kumbali zonse zinayi kuti mizimu imudziwe. Kuyambira tsiku limenelo wotcha ndi wotchedwa amaitanana niiyawen'enh, ndi chibale cha moyo onse, mwanayo akadwala kapena akasochera mmoyo wotchayo ali ndi udindo. Ndi dzina lomwe umapemphera nalo, ndi lomwe adzakuitane nalo pa maliro ako. Iwo anati alibe mphatso imeneyo, ndipo olo akanakhala nayo sakanandipatsa ngati switi.

Kenako anandiuza za sukulu. Ali ndi zaka 6 kapena 7 anatengedwa kupita ku sukulu yogonera konko, kufika tsiku loyamba tsitsi kumeta, zovala kulanda, kupatsidwa nambala, ndipo ukagwidwa ukuyankhula chi Ojibwe chinali chikwapu kapena sopo mkamwa. Sukulu zoterezi boma la Amereka linaziyamba mwamphamvu ndi ya Carlisle mu 1879, cholinga chake chinali choti mwana atuluke atasiya zonse za kwawo. Ku Canada ana pafupifupi 150,000 anadutsa mmasukulu otero, ndipo ndi mu 2021 momwe boma la kumeneko linalengeza kuti anthu atha kubwezeretsa maina a makolo awo pa mapasipoti. Ine ndinafuna kunena kuti nafenso ku pulayimale ankatilipitsa tikayankhula Chichewa mkalasi, koma ndinadzigwira pakamwa, si zofanana. Ife belu likalira timathamangira kunyumba kukapeza amayi akutikalipira mChichewa chomwecho. Iwo amatha miyezi osamva liwu limodzi la mayi awo. Anati dzina lawo lenileni ankalinong'ona okha mbulangete usiku kuti lisathawe, ndipo atakula ana awo sanawaphunzitse chiyankhulo dala, kuopa kuti angadzamenyedwe ngati iwo. Nchifukwa chake mbali ya Amereka kuno oyankhula chibadwire atsala ochepa, ambiri okalamba, ndipo ndi adzukulu omwe akulimbana nazo pano, kuli masukulu ngati Waadookodaading ku Wisconsin komwe ana amaphunzira masamu ndi zonse mchi Ojibwe. Nde taganizani munthu woti dzina lake analisunga chonchi, ine nkubwera kuti tandipatseniko la pa Facebook.

Funso lawo lija silinandichoke. Lako linatani? Pa baji yanga ya kuntchito pali dzina lachizungu la ubatizo, lalifupi, losavutitsa azungu. Koma ndili nalo lina lomwe anandipatsa agogo nditatuluka mchikuta mchombo utagwa, limodzi mwa maina athu a madandaulo aja, poti amayi anali atataya ana awiri ine ndisanabadwe. Ndinkachita nalo manyazi kuyambira ku sekondale. Nditawauza tanthauzo lake ndi chifukwa chake anagwedeza mutu nkuti limenelo nde dzina, lili ndi anthu mkati. Anayesa kulitchula kangapo lilime likukana, tinaseka.

Anandiphunzitsa kudzitchula mmene amachitira iwo pagulu: dzina lako nkuti nindizhinikaaz, mtundu wako nkuti nindoodem, kwanu nkuti nindoonjibaa. Doodem ndi ngati mfunda, amatengera kwa bambo, ndipo a doodem imodzi sakwatirana olo wina achokere ku Canada wina ku Wisconsin. Yawo ndi nyama ndi mbalame, makwa chimbalangondo, ajijaak mbalame ya miyendo itali ngati kakowa, maang mbalame ya panyanja, migizi chiwombankhanga, ena nsomba. Anandifunsa wanga, ndinati Phiri, nkuwalozera ndi milomo mmwamba kuti chimtunda chachikulu. Amvekere, "Wajiw? Anthu a kwanu mtundu wawo ndi phiri?" Anaseka kuti chimbalangondo chimayenda koma inu nde simusuntha. Ndinawauza kuti mkazi wa kwa Phiri kwathu akafuna kumulemekeza amamuitana Naphiri, limeneli linawakhalira bwino pakamwa, analitchula kamodzi nkukhoza.

Anamwalira chaka chotsatira sinowo akusungunuka, nthawi yomwe abale awo amakhala ali mtchire kuphika madzi a mitengo ya maple kuti apange shuga. Miyezi yomalizayo chizungu chinali chitawathawiratu olo masana, anamwino ena ankachita kudzandiitana kuti tabwera utimasulire, ine wa ku Dowa, ndi mawu anga osakwana 50. Koma ikakwana 2 koloko usiku kabelu kakalira, ndikatsegula chitseko ndinkamva, "Naphiri, nibi." Chimwalirireni agogo anga ondibereka panalibe wina anandiitanapo choncho. Baji ija ndinakasinthitsa, anandilipiritsa madola 5.